Lamulo la Mabvalidwe a Madzulo pa Sitima ya Queen Mary 2

Munthu amene walipira ulendo pa sitima ya pamadzi ya Queen Mary 2 angathe kubwezedwa pakhomo la cipinda cacikulu codyeramo ngati sanabvale monga mwa lamulo la kampani ya Cunard.

Sitimayi inayamba nchito mu 2004, ndipo nthawi zambiri imatenga masiku 7 kucokera ku Southampton kukafika ku New York. Ikakwana 18 koloko, akabudula saloledwa m'malo odyera akuluakulu. Pa masiku a phwando ochedwa Gala Evenings, amuna amabvala suti yakuda ndi tayi, ndipo akazi amabvala madiresi a phwando.

Malo odyera amatsata mtengo wa cipinda cogona. Ambiri amadyera mu Britannia, pamene olipira ndalama zambiri amadyera mu Princess Grill kapena Queens Grill. Wosafuna suti amapita ku Kings Court, kumene munthu amadzitengera yekha cakudya.

Mwambowu unacokera m'nthawi imene sitima zinali kugawa apaulendo m'magulu malinga ndi cuma cao. Makampani ena anaufewetsa. Mu 2000, Norwegian Cruise Line inayamba kulola apaulendo kudya nthawi imene afuna, popanda kuwakakamiza kubvala suti.