Kupana, Kusoka ndi Kumanga: Mawu a Njira Zotsekera Bowo pa Chifu

M'chaka cha 2004, Anthony Kalloo ndi anzake a pa yunivesite ya Johns Hopkins ku America adaonetsa pa nkhumba kuti dokotala angathe kulowetsa endosikopu, kapaipi kokhala ndi kamera, kudzera m'kamwa, n'kuboola chifu ndi kufika m'mimba popanda kucheka khungu. Chovuta chidali kutseka bowolo, pakuti likapanda kutsekeka bwino, asidi ndi chakudya zimatayikira m'mimba ndipo wodwala angathe kufa.

Mlembi angafulumire kuitcha ntchitoyi "kusoka mimba". Mawuwa ngosokeretsa pawiri. Poyamba, chobooledwacho ndi chifu. Mimba ndi dera lonse, ndiponso liwuli limanena za pathupi. Kachiwiri, kusoka ndi njira imodzi chabe mwa zitatu izi.

Kupana: tizitsulo topanira timalumikiza milomo ya bowo. Tating'ono timadutsa m'kati mwa endosikopu, pamene chachikulu, chopangidwa ndi nitinol, chimakhala kunsonga kwake ndipo chimaluma mnofu mozama.

Kusoka: chipangizo monga OverStitch chimapyoza khoma lonse la chifu ndi singano ndi ulusi.

Kumanga: chingwe cha nayiloni chimazungulira bowo, tizitsulo titachigwira m'mbali, kenaka chimakokedwa monga mmene timamangira kukamwa kwa thumba.

Choncho tikupempha alembi, akonzi ndi aphunzitsi kuti "kutseka" likhale liwu lokuta njira zonsezi, ndipo njira iliyonse itchulidwe ndi mneni wakewake, kuti wodwala amve zoona asanavomere opaleshoni.