Phytase ndi Kuswana kwa Abakha

Enzaimu ndi mtundu wa puloteni umene umafulumizitsa kuphwanyika kwa chakudya kuti thupi liyamwe zofunika zake, ndipo ntchito yake imaonekera poyera pophika thobwa, pamene chimera chimasungunula phala lolimba n'kulisandutsa lotsekemera. Pa ulimi wa abakha, enzaimu yoyenera kuidziwa bwino ndi phytase, imene kampani ya BASF inayamba kugulitsa mu 1991 pa dzina la Natuphos, pa nthawi imene dziko la Netherlands linkavutika ndi fosifolasi wochuluka wochokera m'ndowe za ziweto amene ankaipitsa nthaka ndi madzi.

Gwero la vutoli lili m'mbewu zenizenizo. Pafupifupi magawo awiri mwa atatu a fosifolasi wa m'chimanga ndi soya amakhala omangika mu phytate, chinthu chimene mbewu imasungiramo mcherewu podikira kumera, ndipo madeya, makamaka a mpunga, ali nacho chambiri. Bakha satha kuchigaya mokwanira, choncho fosifolasi wambiri amangotuluka m'zitosi, ndipo choipa kwambiri n'chakuti phytate amakola kashiamu ndi zinki n'kutuluka nazo limodzi. Phytase, imene imapangidwa kuchokera ku chuku monga Aspergillus niger kapena ku mabakiteriya, imadula mfundo imeneyi, ndipo mlingo wozolowereka ndi mayunitsi 500 pa kilogalamu ya chakudya.

Izi zimakhudza kuswana chifukwa bakha woikira amatenga michere ya dzira lililonse m'thupi mwake, ndipo ikaperewera m'chakudya amaichotsa m'mafupa. Dzira la chigoba chopyapyala limataya madzi msanga, limalola tizilombo kulowa, ndipo limatha kusweka pansi pa mayi wake, chinthu chopweteka kwambiri pa abakha a Muscovy ofala m'midzi, amene amafungatira masiku 35 pamene a Pekin amaswa pa masiku 28. Mwanabakha ali m'dzira amatenganso kashiamu wa mafupa ake m'chigoba chomwecho.

Komabe enzaimu siwonjezera chakudya. Imangomasula chimene chilipo kale, ndipo kutentha kwambiri kumaiwononga, n'chifukwa chake siyenera kuphikidwa limodzi ndi madeya kapena kusungidwa padzuwa. Bakha wodya madeya okhaokha, wopanda soya, usipa kapena laimu wa ziweto, sangaikire bwino ngakhale phytase itachuluka motani. Mlimi wofuna mazira oswa bwino ayambe wakonza chakudya chokwanira, ndipo phytase ibwere pambuyo pake.