K30 Yodulidwa pa Malipiro Imakafika Kuti?

Munthu akamayenda pamsewu wa Great East kuchoka ku Chinyunyu kulowera ku mlatho wa Luangwa, amadutsa mafamu, timashopu, malo ogona alendo, ndipo kuseri kwa mapiri kuli okumba golide. Ponseponse pali bwana ndi antchito ake, kaya awiri kaya makumi atatu. Lamulo la inshuwaransi ya zaumoyo likukhudza mabwana onsewa a m'boma la Rufunsa ku Zambia, ngakhale ambiri amaliyesa la makampani a ku Lusaka okha.

Lamulolo ndi National Health Insurance Act la mu 2018, lomwe linabala bungwe la NHIMA. Kusonkha kunayamba mu Okutobala 2019. Wolemba ntchito amayenera kulembetsa wantchito wake pasanathe masiku 30 chiyambireni ntchito. Mwezi uliwonse amadula 1 peresenti pa malipiro a wantchitoyo, iyenso n'kuikapo 1 peresenti ya m'thumba mwake. Mlonda wolandira K3,000 amadulidwa K30, bwana n'kuwonjezera K30. Ndalama yochepa chonchiyi imatsegulira chithandizo mwini wakeyo pamodzi ndi a m'banja lake okwana asanu ndi mmodzi m'zipatala zovomerezedwa ndi NHIMA.

Pamene pagona nkhani ndi pa tsiku la 10 la mwezi wotsatira. Likamafika tsikuli, bwana ayenera kukhala atatumiza ndalamazo limodzi ndi mndandanda wa antchito, wokhala ndi maina, manambala a chiphaso cha NRC ndi malipiro awo, kudzera pa intaneti. Kudula pa malipiro n'kosavuta. Koma ndalama ikadulidwa osatumizidwa, kapena ikatumizidwa dzina la munthu litasiyidwa, wantchito sadziwa kanthu mpaka tsiku limene mwana watentha thupi usiku, iwo athamanga naye kuchipatala, kenako n'kumva kuti zopereka zawo sizikuoneka pa kompyuta. M'boma lotambalala ngati ili, momwe ambiri amadalira chipatala cha mishoni cha St Luke's ku Mpanshya, ulendo wokha umadya ndalama munthu asanaonane n'komwe ndi dokotala. Kumuchita zotere wantchito n'kumulakwira kwambiri.

Ku America zinthu zinakonzedwa mwina. Lamulo lawo la mu 2010 limagwira mabwana okhala ndi antchito okhazikika 50 kapena kuposa, ndipo iwo amapereka malipoti kamodzi pa chaka ku bungwe la misonkho la IRS. Ku Zambia ngakhale bwana wa wantchito mmodzi sapulumuka, ndipo lipoti ndi la mwezi ndi mwezi. La pachaka liliponso, koma limapita ku Workers' Compensation Fund Control Board, thumba lolipira ovulala kapena odwala chifukwa cha ntchito. Kumeneko wosonkha ndi bwana yekha, wantchito sachotsedwa ngakhale ngwee.

Otsalira kwambiri ndi aganyu, otentha makala ndi okumba golide opanda kalata ya ntchito. Iwowa angathe kudzilembetsa okha ngati odzilemba ntchito, n'kumapereka malinga ndi zimene amapeza. Wolembedwa ntchito ali ndi ufulu wofunsa bwana nambala yake ya NHIMA, kuona pa pepala la malipiro ngati K30 ija yalembedwa, ndi kufunsa ku NHIMA komweko ngati inafikadi, nthenda isanagwe pakhomo.