Kuyamba Kufalitsa Nkhani pa Intaneti ndi Ndalama Zochepa

Achinyamata a ku Tukombo akhala akufunsa ngati munthu angayambe kufalitsa makanema pa Facebook, YouTube kapena TikTok popanda kamera yodula. Ife tikuti ndi zotheka. Malemu Aleke Banda, amene kwawo kunali ku Tukombo komweko, adali ndi zaka 20 zokha pamene adakhala mkonzi wa Malawi News m'chaka cha 1959, ndipo mu 1993 adakhazikitsa nyuzipepala ya The Nation.

Foni ya m'manja ndi yokwanira. Tijambule m'mawa kapena madzulo, dzuwa lili kumbuyo kwathu, pamalo obisika ku mphepo ya mwera imene imawononga mawu. Kanema wamfupi sadya bandulo yambiri. Nkhani tili nazo kale: mitengo ya usipa, kaphikidwe ka kondowole, magule a malipenga ndi chilimika, komanso chiyankhulo cha Chitonga.

Koma tichenjere. Tisajambule munthu asanavomere, makamaka mwana popanda chilolezo cha makolo. Lamulo la 2016 la Electronic Transactions and Cyber Security Act limalanga ozunza anzawo pa intaneti. Phindu limachedwa kubwera, choncho tisatenge katapila kuti tigulire zipangizo, ndipo tisasiye usodzi kapena sukulu.