Mtunda umene galimoto yamagetsi imayenda batire isanathe

Mtunda umene galimoto yamagetsi ingayende isanafune kutchajidwanso umadalira kwambiri kukula kwa batire yake, kumene kumayezedwa m'ma kilowatt-hour, kutanthauza kuchuluka kwa magetsi amene batireyo ingasunge. Nissan Leaf yoyamba, imene inatuluka m'chaka cha 2010, inali ndi batire ya ma kilowatt-hour 24 ndipo bungwe la EPA la ku America linapeza kuti imayenda makilomita 117, pamene galimoto zamagetsi zambiri za masiku ano zimapitirira makilomita 400.

Komabe manambala amene makampani amalengeza amapezeka m'malo oyesera, ndipo pamsewu weniweni kawirikawiri amatsika, chifukwa liwiro lalikulu limachititsa kuti galimoto izilimbana ndi mphepo, pomwe kuzizira, zitunda ndi katundu wolemera nazonso zimadya magetsi. Chodabwitsa n'chakuti m'tauni, momwe galimoto ya petulo imamwa kwambiri, yamagetsi imasunga mphamvu, popeza nthawi zambiri dalaivala akagwira mabuleki, mota imabwezera magetsi ena m'batire.

Galimoto za plug-in hybrid, zimene zili ndi batire yaing'ono yotchaja pasoketi pamodzi ndi injini ya petulo, zimayenda makilomita ochepa pamagetsi, ngati 50 pa Mitsubishi Outlander PHEV yoyamba, kenako injini imayamba kugwira ntchito, motero phindu lake limaoneka kwambiri kwa munthu wotchaja tsiku ndi tsiku.

Batire imafooka ikamakalamba, ndipo ichi n'chofunika kwa Amalawi amene amagula galimoto zakale kuchokera ku Japan, pakuti Leaf yoyamba ija singafike ku Blantyre kuchokera ku Lilongwe, ulendo wopitirira makilomita 300, popanda kuima kangapo kuti itchajidwe.