NJIRA YA KUKHALA CHARTERED ACCOUNTANT



Makolo ambiri afunsa kuti, "Mwana wanga adziwa masamu, nanga acite ciani kuti akhale Chartered Accountant?" Madzulo ano ndifuna kuwayankha.

Poyamba timve dzinalo. M'caka ca 1854 Mfumukazi Victoria anapatsa owerengera ndalama a mu mzinda wa Edinburgh, ku Scotland, kalata yacifumu yochedwa charter, yakubvomereza bungwe lao. A ku England analandira yao mu 1880. Masiku amenewo mnyamata anali kutumikira mbuye wace zaka zisanu, atate wace atalipira ndalama kuti mwanayo alandiridwe. Motero ana a osauka sanali kulowamo.

Kuno ku Zambia njira iri yotseguka. Bungwe loyang'anira nchitoyi ndilo ZICA, limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la 1982, ndipo lamulolo linakonzedwanso mu 2008. Mu 2017 bungweli linayamba maphunziro ochedwa CA Zambia. Wofuna kulowamo ayenera kutsiriza Giredi 12 atapambana bwino, makamaka m'masamu ndi m'Cingelezi.

Maphunzirowa ali ndi makwerero atatu, ndipo liri lonse liri ndi mayeso ace. Wophunzira ayamba ndi kalembedwe ka mabuku a ndalama, naphunziranso malamulo a malonda, za msonkho, ndi kufufuza mabuku olembedwa ndi ena. Pa khwerero lotsiriza aphunzira kupangira nzeru akulu a kampani.

Koma mayeso okha sakwanira. Inu a pansi pa mgodi mudziwa kuti laisensi ya kuphulitsa miyala sapatsa munthu cifukwa ca kuwerenga buku kokha. Ayenera kuyamba wagwira nchitoyo pamaso pa oidziwa, pakuti miyoyo ya anzace iri m'manja mwace. Ndi cimodzimodzi kuno. Wophunzira agwira nchito zaka zitatu kwa olemba nchito obvomerezedwa ndi ZICA, ndipo womyang'anira acitira umboni zonse zimene wacita.

Cifukwa cace n'ciani? Pamene munthu wotere asaina dzina lace pansi pa mabuku a kampani, anena kwa Boma, kwa banki ndi kwa eni ace kuti ziwerengerozo ziri zoona. Akanama, Boma litaya msonkho, ndipo kampani ikagwa anchito ataya malipiro ao. Ndico cifukwa lamulo liletsa munthu kugwira nchitoyi wosalembedwa m'kaundula wa ZICA, ndipo wosakhulupirika angathe kufafanizidwamo.

Tsono makolo, musafulumize mwana, kapena kumtonza akalephera mayeso kamodzi, popeza aloledwa kulembanso. Ndi inu anyamata ndi atsikana, musanyoze nchito zazing'ono za m'ofesi, zonga kulongosola malisiti, pakuti ndimo muli ciyambi ca luso. Akulu anati, kuona maso a nkhono n'kudekha.

Tsalani bwino nonse.