Masupuni Angati mu Kapu ya Msodzi?

Kwa Kuntumanji, chakumadzulo kwa Nyanja ya Chilwa m'boma la Zomba, tsiku limayambira pa tiyi. Msodzi amene wachezera usiku wonse kusaka matemba amafikira m'tiyirumu. Wakabaza amaimanso pomwepo asanapalase ndi dengu la nsomba kupita kumsika wa Songani, ndipo mlimi wa mpunga amamwako asanalowe m'matope. Wogulitsa tiyi amadziwa lamulo la malonda ake: akaumira shuga lero, mawa benchi likhala lopanda munthu.

Ntchito yanga ndi ya kadyedwe koyenera, ndipo anthu akamva zimenezi amayembekezera kuti ndiwaletsa shuga. Sizili choncho. Akatswiri a kadyedwe salimbana ndi kutsekemera. Amawerenga masupuni, amafufuza chimene chikuchititsa thupi kuwafuna, kenako amathandiza munthu kuwachepetsa popanda kumusiya ndi njala.

Muyeso umene amagwiritsa ntchito unachokera ku bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO m'chaka cha 2015. Bungweli linati shuga wochita kuwonjezera asafike pa gawo limodzi mwa magawo 10 a mphamvu zonse zimene munthu amapeza m'chakudya cha tsiku. Kwa munthu wamkulu, awa ndi magalamu pafupifupi 50, kapena masupuni aang'ono 12 osasefukira, popeza supuni imodzi imanyamula magalamu 4. Linanenanso kuti ndi bwino koposa kutsika mpaka theka la muyesowo, masupuni 6. Kwa ana malirewo ndi otsikirapo, chifukwa chakudya chawo cha tsiku n'chochepa.

Mawu akuti shuga wowonjezera ali ndi malire ake. M'gululi muli shuga wa m'paketi, woyera kapena wabulauni, uchi, sikwashi, zakumwa za m'mabotolo, ngakhalenso juwisi wofinyidwa kuchokera ku zipatso. Shuga amene ali m'bango lathunthu, m'papaya, m'gwafa kapena mu mkaka sawerengedwa nawo. Chipatso chimabwera ndi ulusi wake, umene umachedwetsa shugayo kulowa m'magazi ndi kukhutitsa munthu msanga. Mwana akhoza kumwa madzi a malalanje anayi osapumira, koma kuti asende ndi kutafuna malalanje anayi, amatopera panjira.

Tsopano tiwerengere msodzi uja. Akamwa makapu atatu patsiku, iliyonse ya masupuni anayi, wafika kale pa 12, ndipo kumeneko n'kuwerenga ngati supuniyo sinasefukire, chinthu chosaoneka m'tiyirumu. Masana dzuwa likaswa mtengo amagula botolo la chakumwa chozizira. Zakumwa za mtundu wa Coca-Cola zimakhala ndi magalamu oposa pang'ono 10 pa mamililita 100 alionse, kotero botolo la mamililita 300 lili ndi masupuni pafupifupi 8. Onjezanipo mandasi awiri ndi thobwa lothira shuga. Munthuyu sanadye switi ngakhale imodzi, ndipo mukamufunsa adzakuuzani moona mtima kuti zotsekemera ndi za ana. Shuga wake sakudya, akumwa.

Pakhomo pali njira yosavuta yodziyesera popanda sikelo. Paketi ya kilogalamu imodzi ili ndi masupuni aang'ono 250. Banja la anthu asanu likaimaliza m'masiku anayi, aliyense wamwa magalamu 50 patsiku, pamalire penipeni, tisanawerenge zogula kumsika. Ikatha masiku asanu ndi atatu, aliyense ali pa magalamu 25. Mayi akalemba pakhoma tsiku limene wabowola paketi, wadziwa zimene katswiri akanafufuza ndi mafunso ambirimbiri.

Nanga chilakolako cha shuga chimachokera kuti? Choyamba, munthu amabadwa nacho. Mkaka wa m'mawere uli ndi shuga wakewake, ndipo khanda limakonda chotsekemera lisanaphunzitsidwe ndi wina aliyense. Chachiwiri ndi mmene thupi limagwirira ntchito. Shuga wa m'tiyi amalowa m'magazi mofulumira, kapamba n'kutulutsa insulin kuti amulowetse m'minofu. Ngati m'mimba munalibe china chilichonse, shuga wa m'magazi amakwera msanga n'kutsikanso msanga. Ndi moto wa mapesi: umalilima kanthawi kochepa, kenako phulusa. Pakapita maola awiri kapena atatu munthu amamva kufooka, mtima n'kuyamba kufunanso kapu ina.

Kusagona kumawonjezera vutoli. Munthu amene sanagone mokwanira amamva njala kwambiri, ndipo thupi lake limathamangira zakudya zopatsa mphamvu mwachangu. Asodzi a pa Chilwa amene amakhala masabata m'zimbowera, timisasa toyandama m'kati mwa mabango, amagwira ntchito usiku, amaphika mwa apo ndi apo, ndipo shuga ndi katundu wosavuta kunyamula m'bwato: saola, salemera, safuna nkhuni zambiri.

Apa ndi pamene malangizo ochokera kumaiko olemera amaphonya. Kumeneko chilakolako cha zotsekemera chimabwera pamwamba pa kukhuta. Kwa Kuntumanji nthawi zambiri chimabwera pamwamba pa njala. Nyanja ya Chilwa inaphwa mu 1968 ndi mu 1995, inatsala pang'ono kutheratu mu 2018, ndipo mu March 2023 namondwe Freddy anamiza minda yambiri m'chigawo cha kummwera. M'zaka zoterezi, komanso m'miyezi ya January ndi February pamene nkhokwe zimakhala zitapepuka, tiyi wotsekemera ndiye kadzutsa yense wa mabanja ambiri. Kuuza banja lotere kuti lingosiya shuga n'kulilanda mphamvu zochepa zimene linali nazo. Funso loyamba limene ndimafunsa munthu si lakuti amathira masupuni angati ayi, koma lakuti amamwera chiyani tiyiyo.

Palinso chifukwa china chimene ambiri amakhulupirira kuti shuga ndi chakudya chomanga thupi, ndipo sichopanda maziko. Shuga wa m'dziko muno, amene wambiri amachokera kuminda ya kampani ya Illovo ku Nchalo m'boma la Chikwawa ndi ku Dwangwa m'boma la Nkhotakota, amathiridwa vitamini A kuyambira mu 2012. Dziko la Zambia linayamba kutero mu 1998. Boma linasankha shuga chifukwa amafika pafupifupi pakhomo lililonse, ngakhale kumidzi yakutali. Kafukufuku wa boma anapeza kuti mu 2001 ana aang'ono pafupifupi 59 mwa 100 alionse ankasowa vitaminiyu m'thupi, pamene pofika 2015 ndi 2016 chiwerengerocho chinali chitatsika kufika pafupifupi 4. Zambiri zinathandizira, monga timibulu ta vitamini A timene ana amalandira kusikelo, mafuta ophikira othiridwa vitaminiyu, ndi shugayo.

Koma ndondomekoyi inakonzedwa potengera shuga amene anthu ankadya kale, osati kuti aziwonjezera. Vitamini A yemweyo ali mu mbatata yofiira m'kati, monga Zondeni, Kadyaubwerere ndi Mathuthu, ali m'maungu, m'mango, m'papaya, mu bonongwe, chisoso ndi nkhwani, makamaka ndiwozo zikaphikidwa ndi nsinjiro kapena timafuta pang'ono. Zonsezi zimamera m'madimba a m'mbali mwa Chilwa.

Za matenda a shuga tiyenera kunena zoona zake. Supuni ya shuga payokha siyambitsa matendawa. Mtundu woyamba, umene umagwira kwambiri ana ndi achinyamata, umabwera pamene kapamba waleka kupanga insulin, ndipo si mlandu wa kholo limene linkagulira mwana masiwiti. Mtundu wachiwiri, umene uli wofala, umayendera magazi a kumtundu, msinkhu, kunenepa makamaka pamimba, ndi kusagwira ntchito zolimbitsa thupi. Zakumwa zotsekemera zimalowerera pamenepa, chifukwa zimapereka mphamvu zambiri koma osakhutitsa, ndipo amene amazimwa tsiku ndi tsiku amapezeka ndi matendawa kawirikawiri kuposa anzawo. Kafukufuku wa STEPS amene Unduna wa Zaumoyo unachita ndi WHO mu 2009 anapeza kuti akuluakulu pafupifupi 6 mwa 100 alionse a zaka 25 mpaka 64 anali ndi matenda a shuga, ndipo mmodzi mwa atatu alionse anali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi. Ambiri sankadziwa. Munthu wowonda wa kumudzi nayenso amadwala, choncho ludzu losatha, kukodza pafupipafupi usiku, kuonda popanda chifukwa ndi bala losapola ndi zizindikiro zofunika kukayezetsa magazi.

Chimene shuga amawononga mosabisa ndi mano. Tizilombo ta m'kamwa timadya shuga wotsalira n'kutulutsa asidi amene amakumba dzino. Apa choopsa si kuchuluka kokha, komanso kubwerezabwereza. Mwana amene amayamwa filizesi popita kusukulu, switi pa buleki, nzimbe pobwerera ndi sikwashi madzulo, mano ake amakhala mu asidi tsiku lonse. N'kwabwino chotsekemeracho chidyedwe kamodzi, pamodzi ndi chakudya, kenako mwana achukuche m'kamwa ndi madzi.

Kuchepetsa kumatheka chifukwa lilime limaphunzira. Akatswiri a ku Monell Chemical Senses Center mumzinda wa Philadelphia ku America anafalitsa mu 2016 zotsatira za kafukufuku amene anthu ena anachepetsa shuga m'zakudya zawo kwa miyezi itatu. Pofika mwezi wachiwiri, chakudya chimodzimodzi chinayamba kuwatsekemerera kwambiri kuposa mmene chinkatsekemerera anzawo amene sanasinthe kadyedwe. Atabwerera ku kadyedwe kakale, kusinthako kunatha msanga. Ndiye chifukwa chake sindilangiza munthu kulumbira kuti kuyambira mawa shuga ayi. Wotero amapirira masiku ochepa, kenako amabwerera ndi ukali. Wa masupuni anayi atsike pa atatu kwa masabata awiri, kenako awiri, kenako imodzi. Supuni ikhale yaing'ono ndi yosasefukira, ndipo pakhomo shuga azithira munthu mmodzi m'ketulo m'malo moika mbale pamphasa kuti aliyense adzitapire.

Mimba ikhale ndi kanthu tiyi asanalowe. Mbatata yophika, chinangwa, dzungu, chimanga chootcha, mtedza wokazinga wodzaza dzanja, kapena phala la mgaiwa lothira nsinjiro zimagayika pang'onopang'ono ndipo zimamufikitsa munthu masana osanjenjemera. Pa nkhomaliro, matemba, mlamba, makumba, nandolo ndi nyemba zimaletsa njala kubwerera msanga. Chilakolako chikabwera masana, poyamba ndi madzi, chifukwa m'chigwa chotentha cha Chilwa ludzu limasokonezeka ndi njala. Chikapitirira, nthochi, gwafa kapena masuku pa nyengo yake. Thobwa lofululidwa bwino ndi chimera limatsekemera lokha. Abale athu achisilamu amene amamasula swaumu pa Ramadan angayambe ndi madzi ndi chipatso, chakumwa cha m'botolo n'kuchisiyira tsiku la Eid.

Pogula za m'sitolo, pachikuto pamalembedwa magalamu a shuga pa mamililita 100 kapena magalamu 100. Chulukitsani molingana ndi kukula kwa botolo, kenako gawani ndi 4, mupeza masupuni. Ku South Africa, kumene achibale athu ambiri amagwira ntchito, boma linaika msonkho pa zakumwa zotsekemera mu April 2018, ndipo makampani ena anachepetsa shuga m'zakumwa zawo pothawa msonkhowo. Zakumwa zolembedwa kuti zilibe shuga si yankho lonse: mu 2023 WHO inalangiza kuti zotsekemeretsa zolowa m'malo mwa shuga zisadaliridwe ngati njira yochepetsera thupi.

Kwa ana osafika zaka ziwiri malangizo ndi achindunji: shuga wowonjezera ndi zakumwa zotsekemera ayi. Phala la mwana litsekemere ndi nthochi yopota, dzungu kapena mbatata. Mwana amene wazolowera phala la shuga amadzakana lopanda shuga, ndipo nkhondo imene mayi akanaipewa pa miyezi isanu ndi umodzi amadzaimenya kwa zaka.

Pali nthawi zina pamene shuga amapulumutsa moyo, ndipo kudera ngati la Chilwa, kumene kolera amabuka kawirikawiri, izi aliyense azidziwe. Thanzi ORS ali ndi shuga chifukwa shugayo ndiye amathandiza matumbo kuyamwa mchere ndi madzi. Paketi ikasowa, lita imodzi ya madzi owiritsa kapena othira klorini, masupuni aang'ono 6 a shuga osasefukira ndi theka la supuni yaing'ono ya mchere zimamusunga wodwala ali pa ulendo wa kuchipatala. Wodwala shuga amene amabaya insulin kapena kumwa mapiritsi a glibenclamide aziyenda ndi kashuga m'thumba, kuti akayamba kunjenjemera, kutuluka thukuta ndi kuona chidima amwe msanga. Chiponde cha kuchipatala chimene amapatsa ana onyentchera n'chotsekemera mwadala, ndipo mwana amalize muyeso wonse umene adokotala anena.

Kwa inu nonse otsala, yambani sabata ino ndi zinthu ziwiri: lembani tsiku limene mwabowola paketi ya shuga, ndipo chotsani supuni imodzi mu kapu iliyonse. Ngati mwapitirira zaka 40, kapena kumtundu kwanu kuli wodwala shuga, funsani mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lanu kumene mungakayezetse magazi, kaya pachipatala chaching'ono chapafupi kapena ku Zomba Central, musanadikire zizindikiro.